Kachoko ndi Thumba la Zokhota

Dzina lake lenileni lilipo, koma pakhomo pano timamuitana kuti Kachoko. Tinamupatsa dzinali chaka chimene anayamba uphunzitsi, chifukwa madzulo alionse ankafika atatuwa ndi choko: m'nsidze, pasiketi, ngakhale kuseri kwa khutu. Ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, ndipo ndinamulera ndine kuyambira asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Ndiye ndikamanena za iye, wina asati agogo akuthira mchere. Ndinalipo.

Anali mwana wosakonda gulu. Anzake akamadumpha chingwe panja, iye ankakhala kuseri kwa chitseko ali pikitipikiti kumasula wotchi ya malemu agogo ake aamuna ndi mpeni wa patebulo. Wotchiyo sinayendenso. Sindinamukwapule. Ndinatola tizidutswa tonse n'kutisunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo tilipobe. Chilichonse chimene manja a mwana ameneyu anapanga ndili nacho: galimoto yawaya yosowa tayala limodzi, chidole chadongo cha mutu woposa thupi, kansalu koyamba kamene anasoka msoko wake ukuyenda ngati woledzera. Zonse zili pashelefu pabalaza, ndipo mlendo akafika ndimamuonetsa, afune asafune.

Atakula anakaphunzitsa masamu kupulayimale, kalasi yodzaza mpaka ana ena kutsamira chitseko. Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi phunziro la magawo. Ankati mwana sangamve kuti theka ndi chiyani ngati sanaligwire m'manja. Choncho tebulo langa lodyera linasanduka fakitale. Ankatola makatoni kumagolosale, n'kumadula mabwalo, kuwagawa pawiri, panayi, kuwapaka utoto. Ana ankawang'amba, ena kuwatafuna m'mbali, otsala chinyezi chinkawamaliza m'kabati. Teremu iliyonse kuyambiranso. Ine ndinkadyera mbale pamiyendo, koma sindinadandaule, poti tinkacheza uku lumo likulira.

Tsiku lina anandibweretsera foni kumaso.

"Agogo, taonani ichi."

Ndinavala magalasi. Munali kabokosi kopanda zipupa, kokhala ndi kamlomo kachitsulo koyenda uku ndi uku, kakulavula ulusi wa pulasitiki wosungunuka, mzere pamwamba pa mzere, mpaka kapu yathunthu inaima pamene panalibe kanthu.

"Awa ndi matsenga," ndinatero.

"Ayi, agogo, ndi masamu. Umajambula chinthu pakompyuta, n'kuwauza makinawo miyeso yake, iwo n'kuumba."

"Ndiye iwe, ndi matsenga a anthu ophunzira."

Anaseka, koma ndinaona kuti maso ake sakuchoka pafoniyo. Ndinadziwa kuti yalowa m'magazi, ngati wotchi ija.

Patchuthi chachikulu anakalembetsa maphunziro afupi kukoleji ya ntchito zamanja. M'kalasimo mkazi anali yekha, mphunzitsi wa ana anali yekhanso. Ena onse anali achinyamata odziwa kale makompyuta, ndipo akamuona akufunafuna pobaya, ankatsinana n'kumati, "Madamu asochera, wina awaimbire belu." Chakudya chamasana ankadyera pamasitepe, payekha. Izi sanandiuze nthawi imeneyo. Akanandiuza ndikanapitako, ndipo akudziwa chimene chikanachitika. Anapirira, anamaliza, ndipo alangizi ake ataona khama lake anamupatsa makina akale oumbira aja, amene anthu amangowatchula kuti pulinta, kuti akagwiritse ntchito kusukulu kwake.

Anafika nawo kusukulu atawafungatira ngati khanda. Sabata yoyamba anaumba mabwalo a magawo, ofiira ndi achikasu, olimba oti ngakhale mwana aponde. Sabata yachiwiri ahedi anati chinthu chamtengo chotere sichingakhale pamene pali ana. Anachitengera mu ofesi yawo, n'kuchiphimba ndi nsalu ya patebulo, n'kuikapo maluwa pamwamba. Akabwera alendo ankavundukula pang'ono kuti aone, n'kuphimbanso. M'chipinda cha aphunzitsi namo, Kachoko akangolowa wina ankati, "Imirirani, ainjiniya afika." Anasiya kulowamo. Tiyi ankamwera m'kalasi, ana atatuluka.

Ndipamene anayamba kunena za chipinda cha aliyense. Ankati m'mizinda ina muli malo amene munthu wamba amalowa ndi chinthu chake chothyoka, kapena ndi ganizo lake chabe, n'kupeza makina ndi anzake omuthandiza, n'kutuluka atapanga yekha. Anavutitsa ahedi mpaka anamubwezera pulinta ija. Anavutitsanso mkulu wa laibulale ya m'dera lathu mpaka anamupatsa kachipinda kakumbuyo kosungiramo manyuzipepala akale. Bungwe lina linamubwereka makina ena odula matabwa opyapyala ndi kuwala kotentha, pamodzi ndi makompyuta otha ntchito m'maofesi. Nthawi yomweyo kusukulu anafuna kumukweza kukhala wachiwiri kwa ahedi. Anakana, poti udindowo ukanamudyera masana onse.

Amalume ake, mwana wanga wamwamuna, atamva anabwera osakhala n'pansi pomwe.

"Amayi, mwanayu mukumuonerera? Munthu kukana mpando chifukwa cha zidole?"

"Iwe unakanapo mpando uti?" ndinamufunsa. "Anakupatsapo ndani?"

"Ine ndikunena zoona, amayi. Anzake akukwatiwa, akukwezedwa, iye ali ndi mapulasitiki."

"Khala pansi umwe tiyi. Ukamaliza utsuke kapuyo, n'chokhacho chimene manja ako amatha."

Mumtima ndinali ndi mantha omwewo, koma mdzukulu wanga sanyozedwa ine ndili moyo, ngakhale wonyozayo ndinabala ndekha.

Chipindacho chili ndi windo limodzi lalikulu loyang'ana kumsewu. Kumanzere kuli atelala, bambo wachikulire amene amasoka pakhonde. Kumanja kuli wokonza njinga, munthu wapakamwa posatseka. Kutsidya kuli mayi wa saluni. Kachoko anasesa, anapaka laimu, anapempha mipando, anakhoma bolodi kukhoma. Pawindo anaikapo zinthu zake zabwino koposa: mtsuko woyera wa maluwa wosalala ngati dzira, magiya olumana bwinobwino, kabokosi kathabwa kozokotedwa maluwa osaphonya ngakhale tsamba limodzi.

Tsiku lotsegulira anthu anabwera ndithu. Ine ndinakhala kutsogolo, nditavala diresi yanga yabuluu. Mipando inali m'mizere yowongoka, yonse kuyang'ana kubolodi. Kachoko anaima ndi choko, n'kulemba tsiku pakona, n'kutembenuka.

"Tisanakhudze chilichonse, tiyambe ndi miyeso. Ndani angatiuze kuti milimita ndi chiyani?"

Anthu a imvi zawo anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Wokonza njinga anatambasula dzanja kuti akhudze pulinta, Kachoko n'kunena mwaulemu kuti, "Osakhudza kaye, bambo, tifikako." Dzanjalo linabwerera m'thumba. Phunziro lili mkati, atelala anakweza mkono.

"Madamu, ndingatuluke pang'ono?"

Anatuluka. Sanabwererenso. Tsiku lotsatira kunabwera anthu owerengeka, ndipo sabata isanathe kunalibe ndi mmodzi yemwe.

Miyezi imene inatsatira sindifuna kuikumbuka. Akaweruka kusukulu ankapita kukatsegula chipindacho, n'kukhala. Ndinkamupititsira tiyi m'fulasiki, n'kumupeza ali yekhayekha pakati pa mipando yopanda anthu, pulinta ikung'ung'udza pakona, m'chipinda monse muli fungo la pulasitiki wotentha. Nthawi zina ndinkamumva ndili pakhomo akuyankhula ndi makinawo: "Tiye, mnzanga, usandichititse manyazi lero." Anthu ankadutsa, kuima pawindo, kusirira mtsuko uja ngati mmene timasiririra nsapato za m'sitolo yodula, n'kupitirira. Atelala ankamupatsa moni ali patali, mwaulemu wonse, ngati akudutsa pakhomo pa ofesi ya boma.

Kunyumba makatoni anatha, tebulo linabwerera mwakale, koma macheza anapita nawo. Ankadya ali duu, maso pambale.

Kenaka mkulu wa laibulale analowa masana ena ine ndili pomwepo. Ndi munthu wabwino, ndipo ankayankhula akupotokola chipewa m'manja.

"Aphunzitsi, a komiti ya laibulale akuti chipinda chopanda anthu ndi nyumba ya akangaude. Manyuzipepala aja ali mbwee m'kanjira. Abwera kudzaona okha teremu ikamatha. Akapeza zili chonchi, ndiye kuti mutulutsa makinawa."

Kachoko anangoti, "Ndamva, bambo." Atatuluka, anayamba kuwongola mipando imene inali yowongoka kale.

Loweruka lina, teremu itatsala pang'ono kutha, iye anali ndi msonkhano wa makolo kusukulu. Anandisiyira kiyi kuti ndikamusesereko, a komiti asadzapeze fumbi. Ndinasesa monse, ndipo pofuna kulowetsa tsache kuseri kwa kabati, linagunda chinthu. Ndinakoka. Linali thumba lalikulu, lomangidwa pakamwa kolimba.

Nditamasula ndinakhala pansi. Munali kapu yopendekeka, mbali imodzi itafota ngati yagona padzuwa. Munali giya yoguluka mano, kabokosi kopserera mpaka kuda bii, mtsuko wothera pakati ngati wina anaudula ndi chikwanje, ndi chimpukutu cha ulusi wopiringizana chimene sindinadziwe kuti chinkafuna kukhala chiyani. Zinalipo zambirimbiri. Ndinazitembenuza chimodzichimodzi, ndipo chilichonse ndinkachiona ngati masana amodzi a mwana wanga ali yekha m'chipinda muno. Mtima unandiwawa. Ntchito ya manja a Kachoko, kuponyedwa kuseri kwa kabati ngati zinyalala? Ine amene ndinasunga wotchi yakufa?

Ndinatenga kansalu konyowa n'kuzipukuta zonse. Kenaka ndinaziyala pawindo, kutsogolo kwenikweni, zazikulu kumbuyo, zazing'ono patsogolo, monga ndimachitira pashelefu yanga. Mtsuko wosalala uja ndinaukankhira pambali kuti malo akwane. Nditamaliza ndinatuluka panja kukaona mmene zikuonekera, ndipo ndinakhutira.

Woyamba kufika anali wokonza njinga, sipanala ili m'manja.

"Agogo, ichi ndiye chiyani? Mwayamba kugulitsa zisa za mbalame?"

"Chisa ndi tsitsi lakolo. Anapanga mdzukulu wanga chimenecho."

"Madamu? Madamu omwewa?" Anaseka chikhakhali mpaka kugwira bondo. "Atelala! Tabwerani mudzaone kapu yomwera anthu oledzera!"

Atelala anabwera tepi ili m'khosi. Mayi wa saluni anawoloka msewu chipeso chili m'manja, kasitomala wake akumutsatira mutu utalukidwa theka. Poti chitseko ndinachisiya chotsegula, analowa okha, n'kuyamba kunyamula zinthuzo, kupatsirana, kupikisana kulota kuti ichi chinkayenera kukhala chiyani. Chipinda chija chinali chisanamvepo phokoso lotero.

Kachoko anatulukira pakona ya msewu n'kuona gulu likuseka pawindo lake. Ndinamuona akufulumira, nkhope ikuwala, kuganiza kuti mwayi wafika. Atayandikira n'kuona chimene ankaseka, anaima chilili. Analowa osapereka moni, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, n'kundikokera pakona.

"Agogo, mwandivula pagulu," ananong'ona.

"Ndakuvula bwanji? Si ntchito yako iyi?"

"Ndi zolakwika! Mphunzitsi salakwitsa pabolodi, agogo. Samu umayamba waisova kunyumba. Ana akangokuona waphonya kamodzi, kalasi yakuthawa. Ndiye anthu awa, amene akundikayikira kale?"

Anatola thumba lija n'kuyamba kusesereramo zinthu ndi mkono. Anthu anasiya kuseka. Koma kapu yopendekeka ija inali m'manja mwa atelala, ndipo sanaipereke.

"Madamu, pepani. Iyi munapanga ndinu ndithu?"

"Ndine, bambo."

"Inatani?"

Kachoko anapuma kaye. Uphunzitsi ndi matenda, funso salisiya lili lokha. "Mzere woyamba sunamate bwino pathireyi ya makinawa. Ndiye pamene makina ankapitiriza kuumba, kapuyo inasuntha."

"Makinawo sanapse?"

"Ayi."

"Sanaphulike?"

"Saphulika, bambo. Umangochotsa, n'kuyambiranso."

"Zonse zili m'thumbazi, munkangoyambiranso?"

"Eya."

Atelala anabwezera kapu pawindo, n'kupisa m'thumba la malaya. Anatulutsa kagudumu kapulasitiki kong'aluka pakati, kosinthira kutalika kwa msoko pamakina awo osokera.

"Aka ndinabwera nako tsiku lotsegulira lija. M'masitolo kulibe, makina anga ndi achikale. Koma nditaona zapawindo zija, zosalala ngati zochokera kunja, kenaka inu n'kufunsa za mamilimita, ndinati ine ndi manja angawa ndingaswe makina a eni. Chikhalirecho ndikusinthira ndi pulayala."

"Mukanangonena, bambo, ndikanakupangirani."

"Ayi, madamu. Munati munthu azipanga yekha. Ngati kulakwitsa kuli kololedwa, ineyo ndiye katswiri. Funsani aliyense amene ndinamusokera buluku chaka changa choyamba."

"Mpaka lero, atelala!" anatero wokonza njinga. "Langa lija mwendo wina umafika poyamba!"

Atelala anakoka mpando umodzi kuuchotsa mumzere, n'kuukhazika pakompyuta. Kachoko anayang'ana mpandowo, n'kuyang'ana mpata umene unatsala mumzeremo. Ndinaona dzanja lake likufuna kuubweza. Silinaubweze. Anawapatsa kachitsulo koyezera, iwo n'kuyeza kagudumu kaja mwaluso la munthu amene wakhala akuyeza ziuno moyo wake wonse. Pa mausi, kachida koyendetsera kamuvi ka pakompyuta, ndiye panali nkhondo. Kamuvi kankathawira kukona, atelala akukatsatira ndi thupi lonse, wokonza njinga akukuwa kumbuyo kuti, "Kumanzere, akulu, kumanzere! Njinga mumakwera bwanji inu?" Kachoko anatambasula dzanja kuti awalande, kenaka analibweza n'kumanga manja onse kumbuyo. Anaima choncho mpaka atelala anamaliza, milomo ataluma.

Pulinta inang'ung'udza, anthu atazungulira ngati akuonera mpira. Kagudumu katatuluka, atelala anathamanga nako kukhonde kwawo, n'kubwerera akuseka. Bowo la kagudumuko linachepa. Sanafunse munthu. Anapita pawindo n'kukaimika pambali pa kapu yopendekeka.

"Aka ndi kanga. Munthu asakachotse. Lolemba ndibweranso."

Pobwerera kunyumba Kachoko anayenda patsogolo, ine pambuyo. Masiku otsatira m'nyumba munali zii. Moni ankapereka, madzi osamba ankandiikira, koma maso ankandibisira. Ine sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Ndikanapezanso thumba lina, ndikanayalanso.

A komiti anabwera Lachinayi. Ine ndinapita dala ndi fulasiki yanga. Sanapeze chikhamu, ndisaname. Anapeza atelala akuonetsa mayi wina wogulitsa zipatso mmene amagwirira mausi, ngati anabadwa nayo. Anapeza mayi wa saluni akudikira chikwangwani chake pamakina odula aja, choyamba chitapserera kale n'kuikidwa pawindo. Anapeza wokonza njinga akukangana ndi Kachoko za kukula kwa kachotsekera ka pampu. Mipando inali balala, bolodi litalembedwalembedwa ndi manja osiyanasiyana. Wapampando wa komitiyo anaima nthawi yaitali pawindo, n'kunyamula chimpukutu cha ulusi chija.

"Ichi ndi chiyani?"

"Chimenecho ndi changa, bambo," anatero Kachoko, mawu ali bwinobwino. "Ndinkafuna kupanga chipewa cha nyale. Ndinachoka osayang'anira."

Bamboyo anachibwezera pamalo pake mosamala, n'kuuza mkulu wa laibulale kuti manyuzipepala awapezere kwina.

Chipindacho chilipo mpaka lero. Anthu amabwera ndi zogwirira za mapoto, timawilo ta mipando ya olumala, zidutswa za mafani, ndipo pawindo sipaonekanso kunja chifukwa cha zokhota. Aliyense wolowa koyamba amayamba waonetsedwa zimenezo. Aphunzitsi ena a kusukulu kwake, omwe aja a "imirirani", amabwera mozemba kudzaumba mabwalo a magawo. Amalume ake anapitako ndi chogwirira cha chitseko cha galimoto yawo, ndipo chawo choyamba chili pawindo, ndinakachiona ndi maso angawa.

Koma chimene chinadzaza uko chinakhuthula kuno. Masiku ano Kachoko amafika dzuwa litalowa, atatopa, nkhani zake zonse zili za anthu amene ine sindiwadziwa. Loweruka ndiye sindimuona n'komwe. Za tiyi wa m'fulasiki anati ndisamavutike, poti mayi wa saluni amawiritsa wa onse. Ndimadya ndekha patebulo lalikulu lija, loyera bwino, lopanda katoni ngakhale imodzi, ndipo nthawi zina ndimapezeka ndatenga mbale n'kuiika pamiyendo.

Madzulo ena analowa n'kuima pashelefu yanga. Anasuntha chidole cha mutu waukulu chija pang'ono, n'kutulutsa kapu yopendekeka m'chikwama, n'kuiimika pambali pa chitini cha wotchi.

"Zinazo anthu akukana kuti zichoke," anatero osandiyang'ana. "Iyi ndawalanda. Ndi yanu."

"Imasunga madzi?"

"Imadontha, agogo."

"Isiye pomwepo."

Anandigwira paphewa pang'ono, n'kupita kukasamba. M'mawa ndisanadzuke anali atapita kale. Kapuyo ndimaipukuta tsiku lililonse, ndipo dzuwa likapendeka ndimakoka mpando n'kukhala moyang'anana nayo, khutu lili kugeti.